Chaka Chimene Mphuno Yanga Inandinamiza

Ine ndinabadwa wonunkhiza zinthu. Amayi ankati ngakhale bere sindinkalilandira ndisanalinunkhize kaye. Amuna anga, a Bwanali, atangondikwatira anandipatsa dzina loti Abiti Mphuno, ndipo linandikakamira mpaka langa lenileni la Amina linatsala la pachikalata basi. Sindinkakwiya nalo. Kwathu ku Nkholongue mphuno inali chida cha ntchito ngati khasu. Nsomba sitinkafunsa kuti yafa liti, tinkainunkhiza. Chinangwa choviika m'madzi tinkadziwa ndi mphuno yomweyo kuti ululu wake watuluka. Ndipo mwa akazi onse a m'mudzi katswiri ndinali ine. Wina akakayika ankabwera ndi dengu pakhomo panga: "Abiti Mphuno, tanunkhizani apa."

Chaka chimene ndikukamba ndi cha nkhondo ya Apwitikizi itafika kunyanja kwathu, mwana wanga woyamba, Asiyatu, ali ndi zaka zitatu. Nambala ya chakacho musandifunse, ine zaka ndimazidziwa ndi misinkhu ya ana. Ndi chaka chimene mwanayo anasiya kudya, ine n'kuyamba kusakasaka fungo loti limutsegule pakamwa.

Novembala

Njala ya chaka chimenecho sinabwere ndi dzuwa lokha. Atropa, asilikali a Apwitikizi aja, anali atalamula kuti munthu asagonenso kumunda, poopa kuti tizidyetsa anyamata a kutchire amene ankamenyana nawo. Minda yathu ikuluikulu ya chinangwa inali kumtunda, ulendo wa theka la tsiku, ndiye nguluwe zinapeza popanda mlonda. Pofika Novembala tinkangopeza maenje. Kunyanja nako anatiikira malire: bwato lisapitirire pamene munthu wa pamtunda angalione, ndipo dzuwa likapendeka aliyense akhale atakocheza. Nanga usipa ungaugwire masana? A Bwanali ankabwera ndi timbuna tiwiri titatu, tinsomba ta m'miyala tija kale tinkapatsa ana kuti aziseweretsa.

Mvula inachedwa mpaka kumapeto kwa mwezi. Itagwa tinathamangira m'timinda ta kuseri kwa nyumba kukabzala chimanga, maungu ndi mitengo ya chinangwa, ngakhale tinkadziwa kuti chinangwacho tidzadya chaka china.

Ndinkalima ndi alamu anga, Abiti Selemani, mkazi wa mlongo wanga Saidi. Iwowa anali Myao wa kumapiri, wamtali, wosakonda kulankhula. Saidi anatsika nawo kunyanja mudzi wawo utabalalika ndi nkhondo, kenaka iye anawolokera ku Likoma kukafuna ganyu, njira n'kumutsekekera komweko. Anatsala okha m'kanyumba koyandikana ndi kathu, opanda mwana. Tinkawaseka, ndisaname, ndipo woyambitsa ndinali ine. Atangofika kumene anaphika utaka wogona masiku awiri osadziwa kanthu. Ine ndinaumva ndili m'nyumba mwanga, n'kutuluka ndikukuwa: "Alamu, mphunoyo munaiiwala kumapiri kodi?" Anangomwetulira n'kukataya, koma mudzi wonse unaidziwa nkhaniyo tsiku lomwelo.

Tikulima choncho ndinaimika khasu. "Alamu, bwanji udzu sununkhira uli chiimire, koma ukangoudula fungo lake n'kubuka? Limakhala lili kuti nthawi yonseyo?"

"Limani, alamu," anatero osadzutsa mutu.

Nditafunsa a Bwanali anapukusa mutu. "Anzako akudandaula za m'mimba, iwe uli pa mlandu ndi udzu."

Disembala

Ramazani inagwa m'Disembala chaka chimenecho, ndipo tinkasekana kuti kufunga kwatipeza tili ofunga kale. Chomasulira chinali mango ophika. Ku kantina ya ku Metangula ufa wa chimanga unalipo ndithu, koma unali wa anthu a malipiro. Ife tinkadalira makaka, chinangwa chouma chija. Chitini cha makaka chimene kale tinkasinthanitsa ndi mbale ya usipa chinayamba kufuna nkhuku, ndipo pofika kumapeto kwa mwezi zitini zitatu zinkafuna mbuzi. Mbuzi zathu ziwiri zinapita motero, khola la kuseri kwa nyumba n'kutsala pululu, udzu n'kumeramo.

Mphekesera ndiye zinalipo zokwanira aliyense. Ena ankati kukubwera sitima yodzaza chimanga, moti amuna ankakhala pamiyala kuyang'ana kumpoto. Ena ankati ufa wa ku kantina authira mankhwala oletsa kubereka. Mayi wina anagulako pang'ono n'kuopa kuphika, anabwera nawo kwa ine ndi gulu la anzake kumbuyo. Ndinanunkhiza. "Muli anankafumbwe ndi thumba lakale," ndinatero. "Mukaopa ndipatseni ine." Anaulanda n'kuthawa nawo.

Chikuku chinalowa m'mudzi pakati pa mweziwo, ndipo Asiyatu chinamugwira. Anachira, alihamudulilahi, khungu linasenda, maso anayera. Koma anatuluka m'matendamo wopanda chilakolako cha chakudya. Phala la makaka ankangoliyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Ndinanyengerera, ndinaimba, ndinaopseza, tsiku lina ndinam'tsina mphuno kuti atsegule pakamwa, analavula zonse n'kundiyang'ana ngati mdani. Ndinam'bereka ulendo wa tsiku lonse mpaka kumishoni ku Msumba. Namwino wa kumeneko, mayi wachikulire wolankhula Chinyanja chathu chomwechi, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, natipatsa kabotolo ka mankhwala a chifuwa.

"Mayi, matenda atha," anatero. "Chatsala ndi pakamwapa. Mankhwala a njala ine ndilibe. Akapanda kudya mwezi uno ndi wamawa, musadzavutikenso kuyenda mtunda wonsewu."

Ndinabwerera ndikumva mwana kumsana kupepuka ngati ndabereka nsalu yokha. Mantha amene ndinali nawo panjirapo sindinawamvepo chibadwire.

Januwale

Mvula imene inachedwa ija tsopano sinkakata. Chinangwa chakale chimene chinatsala kudambo chinaolera pansi. Tinkadya chigwada, masamba a chinangwa osinja ndi kuphika nthawi yaitali kuti ululu uchoke, ndi nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja timene tinkaumba zitumbuwa. Tsitsi la Asiyatu linafiira n'kuyamba kusosoka. Mapazi anatupa, ukadina ndi chala dzenje linkatsala.

Tsiku lina ndikusinja chigwada, mwana ali gone pamphasa, ndinaona timphuno take tikugwedera. Anadzutsa mutu. "Amayi, n'chiyani?" Ha, mwana wa Abiti Mphuno! Ndinathamangira kukaphika. Koma chigwada sungachifulumize, ndipo pomwe chinkapsa fungo lija la masamba aawisi linali litapita ndi nthunzi. Ananunkhiza kamodzi n'kubwerera kukhoma kwake. Pamenepo ndinadziwa kuti khomo la mwanayu lili pamphuno, ndipo ntchito yanga ndi kupeza msampha wogwirira fungo.

Ndinayamba ndi madzi. Ndinatikita masamba a ndimu n'kuwaviika, koma fungo silinachedwe kuthawa. Mwamwayi a Bwanali anakola kampango mmodzi ndi mbedza, wonona. Nyama tinadya masiku atatu, mafuta a m'mimba mwake ndinasungunula n'kuthira m'kabotolo ka ku Msumba kaja. Ndinayesanso masamba a ndimu, ulendo uno m'timafuta tofunda, n'kuvundikira ndi mbale. Mayo ine, fungo linakhala! M'mawa mwake linalipobe. Madzi ankalitaya, mafuta ankalisunga. Ndinavina ndekha kukhitchini ndi mimba yopanda kanthu.

Kuyambira pamenepo ndinali ngati wamisala. Chilichonse chomera ndinkachithyola, kuchitikita, kuchinunkhiza. Ndinapeza kuti fungo la mango lakhala pakhungu, pamene pamanyezimira ndipo madzi amangoterereka, osati m'kati mwenimweni. Ndinati, ndiye kuti fungo limakonda pamafuta ngakhale lisanachoke mumtengo. Ndinapempha kachidutswa ka nzimbe n'kupala ufa woyera uja umakhala m'mfundo. Nditauyandikiza kumoto unasungunuka ngati phula la njuchi, ndinasangalala kuti ndapeza chuma, koma ponunkhiza, zii. Zinandibalalitsa. "Nanga iwe," ndinaifunsa nzimbeyo, "mafuta uli nawo, fungo unalisiya kuti?" A Bwanali anandipeza ndikutero.

"Basi, mkazi wanga, njala yakwera kumutu," anatero, n'kukhala pansi kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

Aseke, koma dontho limodzi la mafuta a ndimu paphala linalowetsa masupuni atatu. La khungu la mango linagwira ntchito masiku awiri. Kenaka ankatopa nalo, ine n'kuyambanso kusaka lina, mafuta akutsika m'kabotolo. Masupuni atatu sachotsa kutupa kwa mapazi, amangochedwetsa.

Mnansi aliyense anasankha njira yake. Mabanja ena anawolokera tsidya lija osatsanzika, tinkangoona zitseko zotsekedwa ndi mtengo. Ena anagulitsa maukonde. Mnansi wina anapeza chinangwa chowawa, n'kuchivuula atangochiviika tsiku limodzi m'malo mwa masiku anayi, chifukwa ana ankalira. Ndinadutsa pakhomo pake akuchiyanika, fungo lakuthwa lija linandilasa. "Bwezerani m'madzi, mupha ana!" Anabwezera, ndipo m'mudzi munamveka kuti Abiti Mphuno wapulumutsa nyumba yonse. Zinali zoona. Koma mutu unandikula, ndinayamba kuyenda ngati mphuno yanga singalakwe pa chinthu chilichonse chimene Mulungu analenga.

Febuluwale

Ife a kunyanja bowa sitinkamuwerengera. Tinkati ndi ndiwo za anthu osowa nsomba. Alamu ankapita kukatola nkhuni m'tsinde mwa phiri, pamene atropa ankalola akazi kufika, ndipo tsiku lina atatula mtolo anamasula mfundo ya nsalu yawo. Munali bowa asanu: atatu ang'onoang'ono ofiira amene anati ndi manyame, ndi awiri aakulu oyera amene anati ndi ndelema.

Ndinatenga woyera n'kununkhiza. Fungo linali la patali. Ndinamung'amba pakati, ndipo linabuka lonse: la dothi lonyowa, la masamba oola a m'nkhalango, lofuna kufanana ndi nyama koma si nyama. Zija za udzu zomwe! Chinthu chimabisa fungo lake mpaka uchivulaze. Ndili m'kati modabwa ndinamva mawu kuchokera pamphasa.

"Ndikufuna chimenecho."

Miyezi iwiri mwana ameneyu asananene kuti ndikufuna. Tinaphika ndi madontho a mafuta a kampango, chivundikiro chili chotseka kuti fungo lisathawe. Anadya ndi kondowole wa makaka, anamaliza, ananyambita mbale. Ine ndinalira poyera, osabisa nkhope.

Koma alamu ankabwera ndi bowa wochepa, masiku ena chimanjamanja. Ndinkapsa mtima. "Alamu, phiri lonselo bowa asanu?"

"Ambiriwo si bowa. Ndi zirombo."

"Nditengeni ndikakuthandizeni kununkhiza."

"Sanunkhiza. Amaona."

Ndinaseka. Munthu wophika utaka woola andiuze ine za chimene chimanunkhizidwa! Panalinso china chimene chinkandidya, ndinene poyera popeza ndakalamba. Asiyatu anayamba kukwawira pakhomo kudikira alamu, n'kumawatcha amayi a kuphiri. Ine ndinam'bereka mpaka ku Msumba, ndinapala nzimbe ngati wopenga, ndiye wina angobwera ndi timabowa m'nsalu n'kusanduka amayi? Nsanje inandigwira yeniyeni. Ndinkanunkhiza ndelema aliyense wobwera pakhomo, kuloweza fungo lake, kudikira tsiku langa.

Cha kumapeto kwa mwezi kunamveka mfuti kumapiri, atropa n'kutseka njira ya nkhuni. Masiku anayi opanda bowa, Asiyatu anabwerera kukhoma. Tsiku lachisanu m'mawa, mvula itakata, ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo m'khola la mbuzi lija ndinapeza bowa atamera mozungulira ngati anthu pabwalo, oyera, aakulu ngati mbale. Ndinagwada. Ndinang'amba mmodzi. Fungo lomwe lija! Ndinang'amba wachiwiri, wachitatu, kuti ndisadzinamize. Lomwelo, dothi lonyowa ndi kanyama kake. Ndinati Mulungu waona kuti njira yatsekedwa, wandibweretsera pakhomo. Ndinadzaza lichero, ndinakhuthulira mumphika mafuta onse otsala, kabotolo ndinakatsukuluza ndi madzi otentha kuti pasatayike dontho.

Alamu anali kunyanja kotunga madzi. Anafika ine nditakhazika mwana pamwendo, ndikuuzira mbale kuti izizire, iye atayasamula kale kukamwa.

"Mwam'tenga kuti ameneyu?" anafunsa mtsuko uli pamutu.

"M'khola umu. Inu mumakavutika kuphiri chikhalirecho ali pakhomo."

"Pansi pa mtengo wanji?"

"Mtengo wa chiyani? Pa udzu, pamanyowa a mbuzi."

Sindinawaonepo akufulumira, koma mtsuko unafika pansi madzi akukhavukira, dzanja lawo lili kale padzanja langa. "Musam'patse."

"Ndanunkhiza. Atatu ndang'amba."

"Musam'patse, alamu."

"Inu mundiphunzitse ine? Mwana wanga wagona masiku anayi osadya, mafuta onse ali mumphikamu, ndiye ndikataye chifukwa bowa sanachokere m'manja mwanu?"

Anangomuzula mwana pamwendo panga, kumuponya kumsana, n'kuyamba kupita chakugombe, iye akulira, manja atatambasulira mbale. Ndinawathamangira mpaka pampanda ndikutukwana. Ndinanena kuti mimba yawo yakana kubereka ndiye akufuna kuba wa mnzawo. Anansi anamva. Alamu anaima pang'ono osacheuka, kenaka anapitirira.

Ndinabwerera mkwiyo utandidzaza. Ndinati ndidye ndekha aone, madzulo abwere adzandipeze ndili bwinobwino, achite manyazi. Komanso njala inali yanga, ndipo mafuta omaliza sakanatayika ine ndikuona. Ndinadya mbale ya mwana, ndinadya ndi za mumphika. Anali okoma, walahi, mpaka lero ndikakumbukira malovu amabwera.

Dzuwa lisanapendeke m'mimba munapota ngati wina akufinya nsalu. Ndinasanza mpaka kusanza zopanda kanthu, ndinatsegula m'mimba mpaka magazi, thukuta lozizira thupi lonse. A Bwanali pochokera kunyanja anandipeza ndili kwala pafupi ndi khola lomwelo. Masiku atatu otsatira sindikuwadziwa bwino. Chimene ndikukumbukira ndi ganizo limodzi lomwe linkabwerabwera: ine munthu wamkulu zandichita chonchi, nanga kamwana kotupa mapazi kaja?

Malichi

Nditayamba kuzindikira, woyamba kumuona anali alamu, atandigwira mutu, akundimwetsa madzi a phala othira kamchere.

"Alamu," ndinatero, "pakamwa pangapa..."

"Imwani."

Nkhani ya mawu anga aja inathera pomwepo, sanaitchulenso mpaka imfa yawo. Ine ndiye sindinaiiwale, ndipo manyazi ake ndikadali nawo.

A Bwanali ndiwo anandiuza zimene zinkachitika ndili gone. Alamu ankadzera njira ina ya kumtsinje, yozungulira, kukafika kumitengo ya masuku njira ikadali yotsekedwa. Akanakumana ndi atropa sindidziwa. Mafuta panalibe, ndinali nditawadya ine, ndiye anakazinga nthanga za maungu zotsala pobzala, kuzisinja, n'kuthira mubowa atavundikira. Nditawafunsa kuti anazidziwa bwanji, anati, "Muli mafuta. Ndinkaona inu mukuchita." Ndiye kuti nthawi yonse ija ndinkayesa sakundimvera, ankaona.

Asiyatu ankadya kawiri patsiku. Mapazi anaphwa, khungu n'kukwinyika ngati la nkhalamba, kenaka linadzaza. Nkhwani unayamba, kenaka timaungu tanthete, ndipo anthu ankayenda m'minda kutsina chimanga kuona ngati chakhwima. Tsiku limene anathamangitsa nkhuku ya eni ake n'kugwa n'kulira ndi mawu amphamvu, ndinadziwa kuti mwana watsala nafe.

Ine miyendo inali isanalimbe, koma mafunso anali atadzuka kale. Alamu anakazula mmodzi m'khola muja ndi kamtengo, anadula chipewa chake n'kuchiika chafufumimba pansalu yoyera, n'kuvundikira ndi mbale. Pambali anaika cha ndelema. M'mawa mwake tinavundukula. Pansi pa ndelema panali fumbi loyera losaoneka bwino. Pansi pa wanga uja panali fumbi lobiriwira ngati ndere.

"Akadali mwana amayera kunsi ngati mnzakeyu," anatero. "Akakula amabiriwira. Ndiye muziyamba mwaona pamene wamera. Ndelema ali pansi pa msuku ndi mombo. Ena ali pachulu. Wa pamanyowa, poyera, ayi."

"Nanga fungo bwanji likufanana?"

Anakweza mapewa. Zimenezo kwa iwo sizinali nkhani.

Yankho ndinadzalimva nditachita imvi, kwa mdzukulu wanga, mwana wa Asiyatu yemweyo, amene anaphunzira ku Lichinga. Anati chomera chilichonse chili ndi timafuta m'thupi mwake. Ukachivulaza, timafutato timaduka tizidutswa topepuka touluka, ndipo chimene timachitcha fungo ndi tizidutswa timeneto tikafika m'mphuno. Ta udzu ndi masamba n'tatifupi, ta bowa n'totalikirapo pang'ono, ndipo poti tinachokera kumafuta timakonda kubwerera m'mafuta. Phula la nzimbe lija, anati, ndi m'bale wawo yemwe, koma ndi lalitali ndi lolemera moti silitha kuuluka, n'chifukwa chake linandikhumudwitsa. Ndinaomba m'manja ngati mwana. Kenaka anawonjeza kuti kachidutswa konunkhira bowa kamapezeka mwa wabwino ndi mwa woipa yemwe, pamene chiphecho sichimveka m'mphuno. Ndinamuuza kuti chimenecho chokha ndinachiphunzira iye asanabadwe, ndipo sukulu yake inali yowawa.

Koma m'Malichi umenewo panalibe wondiuza. Mumtima ndinkati tsiku lija ndinanunkhiza mothamanga, njala ndi nsanje zitanditseka. Nditadekha, ndili wokhuta, mphuno imene inagwira chinangwa chowawa ndikungodutsa panjira singalephere kusiyanitsa chakudya ndi imfa.

Epulo

Chimanga chinacha, chaching'ono koma chathu. Makaka anatsika mtengo mpaka kubwerera pa nkhuku, ndipo zitseko zina zotsekedwa ndi mtengo zija zinatseguka. Sitima ya chimanga sinabwere, amuna anangosiya kukhala pamiyala osanenapo kanthu. Njira ya nkhuni anaitsegula.

Kumayambiriro kwa mwezi kunagwa kamvula komaliza. Alamu anabwera ndi ndelema awiri, nati ndi otsiriza chaka chino. M'khola namo zirombo zija zinali zitatulukanso. Tinali pakhonde masana, a Bwanali akusoka ukonde, Asiyatu atatsamira bondo la alamu akukukuta chimanga chootcha.

"Alamu," ndinatero, "ndimangeni m'maso."

"Mwayambanso," anatero a Bwanali.

"Ndikufuna ndidziwe. Mung'ambe onse awiri, muike pamasamba, ine osagwira. Ndikalephera dzina lija mundivule."

Alamu anandiyang'ana, kenaka anavula mpango wawo n'kundimanga, molimba ndithu. Ndinamva akupita kukhola ndi kubwerera. Ndinamva kung'ambika kuwiri. "Kumanzere ndi kumanja," anatero.

Ndinawerama. Kumanzere: dothi lonyowa, masamba oola, kanyama. Kumanja: dothi lonyowa, masamba oola, kanyama. Ndinapumira kumbali kuti mphuno iyere, n'kuyambanso. Sindinathamange. Ndinabwereza kanayi kapena kasanu, mpaka ndinayamba kumva kusiyana. Wa kumanzere anali ndi kafungo kena kobisika, kolemera, kokayikitsa. Wa kumanja anali woyera bwino, wotsekemera pang'ono. Mtima unakhala pansi. Ndinati ndagwira.

"Wa kumanjayu," ndinatero ndi mawu a Abiti Mphuno wakale. "Ameneyu ndingam'patse mwana wanga ngakhale lero lomwe."

Ndinamva chingwe cha a Bwanali chasiya kukoka. Ndinamasula mpango ndekha.

Patsamba la kumanja panali chidutswa chokhala chagada, timizere take ta kunsi tili tobiriwira.

Asiyatu anachotsa chimanga pakamwa, masaya ali ndi makala. "Amayi, mwakhoza?"

Ndinayang'ana mapazi ake, aang'ono, ouma bwino, zala zikusewera m'fumbi. Ndinanyamula tsambalo ndi zonse n'kukakwirira kuseri, n'kupondaponda. Nditabwera ndinakhala pansi pafupi ndi alamu, pansi penipeni, osati pamphasa.

"Alamu, mvula ikadzayamba mudzanditenge kuphiri."

Anapukuta masaya a mwana ndi chala, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni kunyanja anandiseka ine.

"Mukanunkhize?"

"Ndikaone," ndinatero.